Kodi Wobvulala pa Mseu, Mwini Wace Ndani?

Pa mudzi palibe bvuto lopanda mwini. Mwana akadwala usiku, amace amadzutsa atsibweni; ukwati ukagwedezeka, ankhoswe amaitanidwa; maliro akagwa, pali mwini maliro, pali adzukulu okumba manda, pali amai otunga madzi ndi ophika, ndipo nyakwawa imadziwa amene ayenera kutumidwa kukanena uthenga. Makolo anakonza zinthu mwa nzeru, kotero kuti munthu wogwa m'tsoka sanafunike kupempha thandizo, pakuti yense anadziwa kale mbali yace.

Koma masiku ano kwabuka tsoka lina limene mwambo wa makolo sunalikonzere mwini, ndilo ngozi ya pa mseu. Munthu amacoka kwao m'mamawa ali bwino bwino, ndipo dzuwa lisanafike pa liwombo wagona m'mbali mwa mseu, kutali ndi abale ace, pakati pa anthu osadziwa dzina lace ngakhale cinenero cace. Tsono tiyeni tifunsane, owerenga okondedwa: m'ora limenelo, munthu uyu mwini wace ndani?

Mzinda wa apaulendo

Funsoli licita kulemera tikaganizira za Maramba, mzinda umene pa mapu ulembedwa Livingstone. Dzina la Maramba licokera ku kamtsinje kothira mu Zambezi pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mzindawu unakula cifukwa ca maulendo. Mlatho wa pa mathithi unatha kumangidwa m'caka ca 1905, ndipo kuyambira 1911 kufikira 1935 mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia, Boma lisanasamukire ku Lusaka. Lero miseu itatu ikomana pamenepo: wina ucokera ku Zimbabwe kudzera pa mlatho wakale uja, wina ucokera ku Sesheke ndi ku Kazungula, kumene mlatho watsopano wolumikiza Zambia ndi Botswana unatsegulidwa mu May 2021, wacitatu ndiwo mseu waukulu wonka ku Lusaka, wa makilomita oposa 470, wopyola Zimba, Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka ndi Kafue. Pa miseu imeneyi payenda Atonga, Alozi, Anyanja, oyendetsa malole a ku Congo ndi a ku South Africa, ndi alendo a kutsidya kwa nyanja odzaona mathithi. Ambiri a iwo ali kutali ndi kwao.

Tsono taonani masamu awa. Ku Maramba kuli cipatala cacikulu, ndipo ku Zimba kuli cipatala ca mishoni, koma pakati pa malo awiriwa pali makilomita pafupifupi 80. Ngozi ikacitika pakati pa njira, ambulansi yothamanga bwino idzatha theka la ora isanafike, osawerengera nthawi yoimba lamya ndi yokonzekera kunyamuka. Koma ubongo wa munthu ukasowa mpweya, uyamba kuonongeka m'mphindi 5 zokha kapena zocepa pang'ono. Munthu wamkulu ali ndi mwazi wokwanira malita 5 okha, ndipo mtsempha waukulu ukang'ambika, moyo ungathe kutayika m'mphindi zowerengeka. Cotero ngakhale Boma litagula maambulansi ambiri, dotolo sangakhale woyamba kufika. Woyamba adzakhala mai wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, mnyamata woweta ng'ombe, wocha makala, kapena wokwera basi yobwera pambuyo.

Za ku Chibombo

Zimenezi si nthano ai. Pa 7 February 2013, m'mawa, basi ya a Positi yocokera ku Ndola kunka ku Lusaka inaombana ndi lole yaikulu ku Chibombo, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Lusaka. Anthu oposa 50 anataya miyoyo, ndipo Pulezidenti Michael Sata analengeza masiku atatu a maliro a dziko lonse. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyo mwace, mu April 2005, lole yonyamula ana a sukulu ya sekondale ya Kawambwa, amene anali kunka kwao ku holide, inagubuduzika nipha ana oposa 40. M'caka ca 2016 Boma la Zambia linaletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 9 koloko madzulo kufikira 5 koloko m'mawa, cifukwa ca kucuruka kwa ngozi zotere. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linanena m'caka ca 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pa miseu caka ndi caka, ndi kuti ngozi za pa mseu ndizo zipha ana ndi acinyamata a zaka 5 kufikira 29 koposa nthenda iri yonse. Africa, kumene magalimoto ali ocepa poyerekeza ndi maiko ena, ndiko kumene imfa zimenezi zicuruka koposa tikawerengera ndi unyinji wa anthu ace.

Basi imodzi imanyamula anthu a midzi makumi ambiri. Ikagwa, abale a anthu onsewo ali kutali, ena ali kumunda, ena ali kudikira pa siteshoni osadziwa kanthu. Kwa ora lathunthu, kapena maora awiri, obvulalawo ali m'manja mwa anthu amene sanawaonepo ndi kale lonse.

Cifukwa cace anthu amalambalala

Anthu ambiri opitirira pa ngozi si oipa mtima. Pali zinthu zinai zimene zimanga manja a munthu wabwino, ndipo nkofunika kuzidziwa.

Coyamba ndico unyinji. M'caka ca 1968 akatswiri awiri a ku America, John Darley ndi Bibb Latané, anaonetsa mwa kuyesa kuti munthu akakhala yekha pomva mnzace ali m'zoopsa amafulumira kuthandiza, koma akadziwa kuti palinso ena akumva, amacedwa kapena kungokhala. Yense aganiza kuti mnzace ndiye adzacita. Khamu la anthu 100 lingathe kuzinga wobvulala, onse akumva cisoni, popanda ndi mmodzi yemwe wogwada pansi.

Caciwiri ndico cangu ca ulendo. Darley yemweyo pamodzi ndi Daniel Batson anafalitsa m'caka ca 1973 zotsatira za kuyesa kwina. Anatuma ophunzira za ubusa a ku Princeton kuti akalankhule m'nyumba ina, ndipo ena a iwo anauzidwa kuti akalankhule za fanizo la Msamariya wacifundo. Panjira anaikapo munthu wogona cogwa, akubuula ndi kutsokomola. Mwa iwo amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 anaima kuthandiza; mwa iwo amene anauzidwa kuti acedwa kale, 10 okha pa 100 ndiwo anaima. Mutu wa ulaliki wao sunasinthe zambiri. Nkhani imeneyi iyenera kuticititsa manyazi tonse, pakuti ionetsa kuti munthu angathe kunyamula fanizolo pakamwa nalumpha wobvulala ndi miyendo.

Cacitatu ndico mantha a mlandu. Munthu ati m'mtima mwace, ndikamnyamula nafera m'manja mwanga, apolisi adzandigwira, ndidzataya masiku ku bwalo, kapena a cipatala adzandiuza kuti ndilipire. Mantha amenewa anakula kwambiri ku India, kufikira bwalo lalikulu la dzikolo linagamula m'caka ca 2016 kuti wothandiza pa ngozi asakakamizidwe kuchula dzina lace, asasungidwe ku cipatala kapena ku polisi, ndipo asalipiritsidwe. M'caka ca 2019 citetezo cimeneci cinalembedwa m'malamulo a pa mseu. Ku France lamulo lidzera mbali ina: munthu wokana dala kuthandiza mnzace ali m'zoopsa, pamene akanatha kutero popanda kudziika yekha pa ngozi, angathe kumangidwa kufikira zaka 5.

Cacinai ndico kuopa mwazi, makamaka cifukwa ca kacilombo ka HIV. Mantha awa ali ndi mankhwala ace. Kacilomboka sikalowa pa khungu lopanda bala; mapepala a pulasitiki obvala m'manja achinjiriza bwino; ndipo ngati mwazi wagwera pa cilonda canu kapena m'maso, ku cipatala kuli mankhwala oteteza amene ayenera kuyambidwa maora 72 asanathe, ndipo kufulumira ndiko kwabwino.

Mphatso kodi, kapena mangawa?

Wina adzati: Kuthandiza mlendo ndi ukoma mtima, wocita ayamikidwe, koma wosacita asatsutsidwe, pakuti sanalakwire munthu. Mau amenewa amveka bwino, koma sangathe kuima. Yense wokwera basi amakwera ndi cikhulupiriro cimene sacichula, cakuti zikabvuta panjira anthu a kumeneko sadzamsiya ngati galu. Mwana wanu wonka ku sukulu ku Choma, mkazi wanu wokagula nsomba ku Kazungula, inu nomwe ponka ku maliro ku Chipata, nonse muyenda ndi cikhulupiriro cimeneco. Munthu amene ayembekeza cinthu kwa alendo, koma iye akana kucipereka kwa alendo, ali ngati wodya pa dima la anzace amene safuna kugwira khasu tsiku lace likafika. Akulu anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Ndiponso mseu umene ubweretsa ngozi pakhomo pathu ndi womwewo ubweretsa feteleza, mankhwala, ndi ogula makala ndi tomato wathu. Amene alandira zokoma za mseu alandirenso zowawa zace.

Fanizo lija la pa Luka 10 liphunzitsa comweco. Wofunsa anafuna kudziwa malire a anansi ace, koma yankho linatembenuza funso, niloza kwa munthu amene anasanduka mnansi mwa nchito yace. Unansi wa pa mseu sucokera ku mtundu kapena ku mbumba. Ubadwa pa mphindi imene maso ako aona wobvulala, iwe uli pafupi, wina wodziwa koposa palibe. Kuyambira pomwepo ndiwe mwini wace.

Cifundo cifuna nzeru

Komatu mwini wosadziwa angathe kuononga cimene afuna kupulumutsa. Anthu ena apuwala moyo wao wonse cifukwa ca manja acikondi amene anawakoka m'galimoto, kuwanyamula wina miyendo wina mikono, msana uli wothyoka. Cifukwa cace kuphunzira cithandizo coyamba ndi mbali ya cifundo ceniceni, ndipo kuphunzirako kuyenera kucitika tsiku la tsoka lisanafike. Nazi zazikulu zoyenera kusunga.

Yambani mwachinjiriza malo, kuti ngozi imodzi isabale inzace. Tumani anthu awiri patali, uku ndi uku, akaimike magalimoto, naike zizindikiro kapena nthambi pa mseu. Zimitsani injini, ndipo pasakhale wosuta fodya kapena woyatsa moto.

Itanani thandizo mwa kuloza munthu mmodzi: Inu abambo a malaya ofiira, imbani lamya tsopano. Mukangopfuula kuti wina aimbe, palibe adzaimba. M'Zambia apolisi aitanidwa pa 991, ambulansi pa 992, ozimitsa moto pa 993. Nenani malo momveka, kuculuka kwa obvulala, ndiponso ngati alipo opanikizidwa m'zitsulo, pakuti amenewo afuna ozimitsa moto ndi zida zao zodulira.

Musasunthe wobvulala pokhapokha pali moto, madzi, kapena coopsa cina comuyandikira. Wokomoka koma akupuma mumgoneke cam'mbali mosamala, wina atagwira mutu kuti ukhale molunjika ndi msana, kuti lilime, mwazi kapena masanzi zisatseke njira ya mpweya. Pamene pakutuluka mwazi wambiri, panikizani ndi nsalu yoyera, citenje kapena malaya, mwamphamvu ndi mosalekeza. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba osacotsa yoyambayo. Citsulo kapena galasi lolowa m'thupi musalizule. Pa bala musathirepo dothi, phulusa, ndowe kapena zitsamba, pakuti zimenezi zibweretsa kafumbata. Pamene papsa thiranipo madzi ozizira kwa mphindi 20. Wobvulala kwambiri angalire ludzu, koma musampatse madzi kapena cakudya, cifukwa angatsamwe, ndiponso mwina adzafunika opaleshoni. Mpfunditseni bulangete, mufunseni dzina lace, mulankhule naye, ndipo musamsiye yekha.

Ngati ambulansi siingathe kufika ndipo muyenera kumnyamula nokha, mgonekeni pa citseko kapena pa thabwa, anthu anai kapena asanu akunyamula pamodzi, mmodzi atagwira mutu, ndipo mumuike kumbuyo kwa lole kapena galimoto yotseguka kumene angagone cotambalala.

Tiyambe ndi yani?

Obvulala akaculuka ndipo manja ali ocepa, pabuka funso lowawa. Mtima ufuna kuthamangira amene alira kwambiri, kapena amene alankhula cinenero cathu, kapena amene aoneka wolemekezeka. Koma wolira mokweza ali ndi mpweya. Woopsa ndiye wakhala cete, ndi amene mwazi wace ukutayika mofulumira. Dominique Jean Larrey, dotolo wa asilikali a Napoleon, amene m'zaka za m'ma 1790 anakonza ngolo zopepuka za akavalo zotengera obvulala nkhondo iri mkati, anakhazikitsa lamulo lakuti wobvulala koposa ndiye ayambe kuthandizidwa, posayang'ana udindo wace, ndipo anathandiza ngakhale asilikali a adani. Zipatala za lero zitsata maziko omwewo. Pa ngozi yaikulu, uzani onse otha kuyenda kuti asonkhane pa malo amodzi pambali. Pamenepo mudzaona otsala, ndipo mwa iwo muyambe ndi obvutika kupuma ndi otaya mwazi.

Nanga woyendetsa amene wacititsa ngozi? Apa ndipo mtima wa munthu uyesedwa. Kawirikawiri khamu limafuna kumkwapula pomwepo, makamaka akagunda mwana wa pa mudzi. Mkwiyowo umveka, koma cipatso cace ncowawa. Oyendetsa ambiri, podziwa zimenezi, amathawa osaima, ndipo galimoto imene ikanathamangira ndi mwanayo ku cipatala imazimirira m'pfumbi. Manja amene agwira miyala ndi omwewo akanapanikiza bala. Mlandu uli ndi bwalo lace ndi tsiku lace, ndipo sudzaola. Wobvulala ali ndi mphindi zowerengeka. Ndipo woyendetsayo akakhala kuti wabvulala yekha, iyenso ndi mwana wa munthu wopanda mwini.

Otola za akufa

Pali chimo lina limene liyenera kuchulidwa poyera. Ena akamva kuomba kwa ngozi amathamanga ndi matumba. Amapisa m'matumba a okomoka, amatola mafoni ndi katundu, amatapa cimanga kapena mafuta otayika. Wotenga foni ya wobvulala waba zinthu ziwiri, pakuti m'fonimo ndimo muli maina a abale amene akanaitanidwa. Ndipo mcitidwe umenewu uli ndi zoopsa zace. Pa 17 November 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu anasonkhana ndi zigubu kudzatunga petulo pa lole ya mafuta imene inacokera ku Beira kunka ku Malawi. Moto unabuka, ndipo anthu oposa 70 anafa, pamodzi ndi ana. Sitiwaseka ai, pakuti umphawi ndiwo unawakankha, ndipo caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Koma tiphunzitse ana athu kuti lole ya mafuta ikagwa kapena ikaima modontha, nzeru ndiyo kuthawira kutali ndi kuletsa ena.

Palinso kuba kwa mtundu watsopano, ndiko kujambula obvulala ndi akufa ndi kutumiza zithunzi zao pa WhatsApp ndi Facebook. Mwa mwambo wathu uthenga wa maliro unapita ndi mthenga wosankhidwa, wodziwa kuyamba ndi mau ofatsa nakhazika pansi mwini maliro asanamuuze. Lero mai angathe kuona mtembo wa mwana wace pa foni ali pa msika. Wogona pa mseu sangathe kudzipfunda yekha, ndipo ulemu wace uli m'manja mwa oimirira. Mpfundeni citenje, ndipo foniyo igwire nchito yoitana thandizo.

Malire a udindo

Wina angaope kuti katundu ameneyu ngwolemera kwambiri. Koma umwini wa pa mseu uli ndi polekezera. Msamariya uja anamanga mabala, ananyamula, anapereka wobvulalayo kwa mwini nyumba ya alendo, napitiriza ulendo wace. Inunso nchito yanu itha pamene mwapereka munthu m'manja mwa anamwino, apolisi kapena abale ace, mutawauza zimene munaona ndi zimene munacita. Simufunsidwa kulowa m'moto kapena kukhudza waya wa magetsi. Wopulumutsa wakufa sapulumutsa munthu. Ndipo ngati wobvulalayo amwalira mutayesetsa, musadziimbe mlandu. Anafa ali ndi munthu pambali pace, ndipo abale ace adzatonthozedwa pakumva zimenezo.

Udindo wa oyamba kufika sucotsa udindo wa Boma. Miseu yosalala, maambulansi okhala ndi mafuta, ozimitsa moto okhala ndi zida, apolisi olandira mboni mwaulemu osaibvuta, ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency loyang'anira liwiro ndi ukalamba wa magalimoto, zonsezi anthu ali ndi ufulu wozifunsa kwa aphungu ao. Mutu umodzi susenza denga.

Koma ziripo zimene mudzi kapena mpingo uli wonse wa m'mbali mwa mseu ungathe kuyamba caka cino. Sankhani amuna ndi akazi angapo akaphunzire cithandizo coyamba kwa a Red Cross kapena kwa anamwino a pa cipatala canu, ndipo iwo adzaphunzitse ena. Sungani kabokosi ka nsalu zoyera, magolovesi ndi tochi pa nyumba yodziwika kwa onse. Lembani nambala za cipatala ndi za apolisi apafupi pa khoma la sukulu ndi la chalichi. Athanzi apereke mwazi pamene a cipatala adza kudzapempha, pakuti mwazi wopulumutsa wobvulala wa lero unaperekedwa kale ndi munthu amene sadzamdziwa. Makolo anagawa nchito za pa maliro imfa isanafike. Ifenso tigawe nchito za pa ngozi, kuti tsikulo likadza yense adziwe mbali yace, ndipo mlendo wogwa pa mseu wathu apeze eni ace.